Magazi akabwerera mutasiya kale kusamba

Mayi wina wa ku Ndirande, wa zaka 58, analowa m'chipinda changa atagwira kabuku kakuchipatala. "Adokotala, chaka chatha anandiyeza khansa, anati ndili bwino. Nanga magaziwa akuchokera kuti?" Anali atasiya kusamba zaka 6 zapitazo.

Kumuyeza anamuyezadi. Koma kuyezako, kogwiritsa ntchito viniga, kumaona khomo la chiberekero lokha. Vuto la mayiyu linali m'kati.

M'kati mwa chiberekero muli khungu lofewa lomwe mwezi ndi mwezi homoni ya estrogen imalikhuthalitsa, kukonzera mimba malo. Dzira likatuluka, homoni ina ya progesterone imaletsa kukhuthalako, ndipo mimba ikapanda kubwera khungulo limasosoka n'kutuluka ngati msambo. Estrogen ikatsala yokha popanda woiletsa, khungu limangokhuthalirakhuthalira. Imeneyi si khansa, koma kwa ena ndiyo njira yopita ku khansa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri m'makomboni mwathu ndi kunenepa. Kwathu kuno mayi akanenepa timati banja lamuyanja. Komatu mafuta a m'thupi amapanga estrogen, ngakhale mayi atasiya kusamba, pomwe progesterone palibenso. Mayi wokhala pabenchi yamumsika tsiku lonse, tiyi wa shuga wambiri m'mawa, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera masana, ndimamuganizira. Matenda a shuga akalowapo, chiopsezo chimakwera.

Enanso ali pachiopsezo ndi amayi amene msambo wawo umalumpha miyezi, amene sanaberekepo, ndi amene anasiya kusamba atapitirira zaka 55. Amene akumwa tamoxifen chifukwa cha khansa ya m'mawere asasiye mankhwalawo, koma akaona magazi afulumire kudzanena.

Ambiri amaloza chala jakisoni wa Depo, ati magazi amaunjikana m'mimba. Si zoona. Depo ali ndi mankhwala ofanana ndi progesterone, ndipo amapyapyalitsa khungulo. Mankhwala amtundu womwewo ndi amene timachizira vutoli likapezeka msanga.

Mayi uja tinamujambula ndi sikani, tinatapa kachidutswa ka khungulo kukayeza, ndipo khansa inali isanayambe.

Amayi anga, mukasiya kusamba kwa chaka chathunthu kenako n'kuona magazi, ngakhale kadontho pa nsalu, musati unyamata wabwerera. Pitani kuchipatala cha Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni kapena chilichonse chapafupi, akulembereni kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Gulupu.