Tauni ya Kafue ndi Mtsinje Umene Udaibala

Inu amene mudayendapo kuchokera ku Lusaka kulowera kummwera mukudziwa kuti mukatha makilomita oposa 40 mumafika pa tauni ya Kafue, ndipo mukapitirira pang'ono mumaoloka mtsinje waukulu umene udapatsa tauniyi dzina. Kodi mudadzifunsapo chimene chidachititsa kuti tauni imere pamalo amenewa? M'phunziro lino tiona m'mene mtsinjewo udakokera njanji, sukulu, msewu ndi mafakitale pagombe lake.

Poyamba tiudziwe mtsinjewo. Kafue amayambira kumpoto, kufupi ndi malire a dziko la Congo, nadutsa m'dera la migodi ya mkuwa, nayenda makilomita oposa 1,500 osatuluka m'Zambia, mpaka kukathira mu Zambezi pafupi ndi Chirundu. Asanafike pa tauniyi amayenda mwaulesi m'chidambo chachikulu cha Kafue Flats, m'mene Abatwa akhala akupha nsomba, Aila ndi Atonga akudyetsa ng'ombe, kuyambira makedzana. Akangopitirira tauniyi amapanikizika pakati pa mapiri, natsika mwaliwiro m'chigwembe cha Kafue Gorge. Tsono kumtunda kuli matope, kumunsi kuli maphompho. Wofuna kuoloka ndi katundu wolemera ayenera kudzera pakati pa ziwirizi, ndipo pamenepo ndi pamene pali tauni yathu.

Omanga njanji adaliona msanga khomo limeneli. Atatha ulalo wa pa Victoria Falls mu 1905, adafulumira kulinga ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Mu 1906 adamanga ulalo wachitsulo pa Kafue, wa zigawo 13, wotalika mamita 427, umene udaposa maulalo onse a njanji imeneyo. Pambali pa siteshoni padamera masitolo ndi nyumba za antchito, ndipo alimi adayamba kubweretsa chimanga ndi ng'ombe kuti zikwere sitima.

Amishoni a mpingo wa Primitive Methodist adatsatira. Mu 1918 Mbusa John Fell adatsegula Kafue Training Institute, kumene anyamata ankaphunzira uphunzitsi, ulimi ndi ntchito zamanja. Mmodzi mwa ophunzira ake adali Harry Mwaanga Nkumbula, amene pambuyo pake adatsogolera chipani cha African National Congress pa nkhondo yomenyera ufulu. Sukuluyo ndi imene lero imatchedwa Kafue Boys Secondary School.

Ulalo woyamba wa magalimoto uli ndi mbiri yodabwitsa. Zitsulo zake zidayamba zaima pa mtsinje wa Thames mumzinda wa London m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha, bungwe la Beit Trust lidazigula, ndipo mu 1949 zidaima pa Kafue. Ulalo umene mumaolokapo tsopano ndi wina, womangidwa pambuyo pake.

Kusintha kwakukulu kudadza ufulu wa 1964 utapezeka. Mu 1965 boma la azungu a ku Southern Rhodesia lidadzigamulira lokha ufulu, pamene katundu wambiri wa Zambia ndi magetsi a ku Kariba zinkachokera kutsidya komweko. Boma la Dr Kenneth Kaunda lidaona kuti kudalira nkhokwe ya mnansi amene simukumvana naye n'kuika moyo pachiswe. Motero Kafue, pokhala ndi madzi, njanji ndi msewu, adasankhidwa kukhala malo a mafakitale. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia idayamba kupanga feteleza mu 1970, ya Kafue Textiles inkaomba nsalu ndi thonje la alimi athu, ndipo antchito adawamangira nyumba ku Kafue Estates. M'chigwembe muja adamangamo damu lopangira magetsi.

Koma fakitale imakalamba monga munthu. Chuma cha dziko chitasintha m'zaka za m'ma 1990, nsalu zakunja ndi zovala za salaula zidadzaza misika, ntchito yoomba idafooka mpaka kuima, ndipo ya feteleza idachepa mphamvu. Mabanja ambiri amene adazolowera malipiro a pamwezi adatembenukira ku ukonde, ku dimba ndi ku malonda a pamsewu. Mtsinje udawalandira.

Ngakhale okhala mu Lusaka amamwa Kafue, pakuti gawo lalikulu la madzi a m'mipope yawo limapopedwa pa Iolanda, pafupi ndi tauniyi. N'chifukwa chake chodetsa mtsinjewu ndi mlandu wa tonse. Zonyansa zochokera m'mafakitale, m'minda ndi m'zimbudzi zimanenepetsa namasupuni, udzu woyandama umene umatseka njira za mabwato ndi kusautsa makina a magetsi. Ndiponso mu February 2025 dziwe la zinyalala za mgodi lidaphulika ku Chambishi, asidi nalowa m'mtsinje wothira mu Kafue, nsomba zidafa, ndipo mzinda wa Kitwe udatsekeredwa madzi.

Tsono inu ophunzira, nayi ntchito yanu. Jambulani mapu a mtsinje wa Kafue, muonetsepo migodi, chidambo, maulalo awiri ndi chigwembe. Mukatero, funsani akuluakulu a kwanu za mtsinje umene muli nawo pafupi: ankaolokera pati, ankaphamo nsomba zanji, nanga lero mukupezeka zotani? Mayankho awo muwalembe, mukakambirane ndi aphunzitsi anu.