Kamimba ka ubwana, chiwindi chodzaza mafuta

Pa Mponela pano ukayamba kutuluka kamimba, anzako amati zako zayera. Koma madokotala akaona mimba yotereyi amayamba kuganiza za chiwindi. Mafuta akapitirira magawo 5 pa 100 alionse a chiwindi, amenewo ndi matenda, omwe pa Chingerezi amati fatty liver. Amagwira ngakhale anthu amene mowa salawa n'komwe.

Kuopsa kwake n'kwakuti sapweteka msanga. Msuweni wanga wa zaka 31 anawadziwa mwangozi atapita ku Lilongwe kukajambulitsa m'mimba pa vuto lina. Ukawalekerera, chiwindi chimatupa, kenako chimachita zipsera n'kuuma, ndipo pamenepo kubwerera kumavuta.

Mafutawo akuchokera kuti? Taonani tsiku la ambirife: m'mawa mandasi atatu ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga, masana tchipisi cha pachiwaya ndi chakumwa chozizira, madzulo mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera. Kuchoka pa depoti kupita kunyumba, kabaza. Shuga ndi zakudya zokhutitsa zikachuluka kuposa zomwe thupi likufuna, chiwindi chimazisandutsa mafuta n'kusunga.

Nkhani yabwino ndi yakuti mafutawa amachoka. Ukatsitsa magawo 5 pa 100 a kulemera kwako amayamba kuchepa, ndipo ukafika pa magawo 7 mpaka 10, kutupa nako kumatsika. Kwa munthu wa makilogalamu 90, tikunena makilogalamu 6 mpaka 9, pang'onopang'ono, kwa miyezi ingapo. Kudzimana chakudya kuti uwonde pa sabata imodzi kumangovulaza chiwindicho.

Ine ndimati yambani ndi zakumwa. Bungwe la WHO limati shuga wa tsiku lonse asapitirire masupuni ang'onoang'ono 12, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Botolo limodzi la chakumwa chozizira limakhala ndi pafupifupi 8. Mowa ndiye usiyiretu.

Nsima musaithawe, ingoichepetsani. Sankhani mgaiwa, mitanda ikhale yochepa, ndipo theka la mbale likhale masamba: bonongwe, chisoso, nkhwani kapena therere. Nyemba, soya, usipa ndi mazira owiritsa zilowe m'malo mwa kanyenya wa tsiku ndi tsiku. Kuno ku Dowa ndi Ntchisi mtedza sitigula patali, koma muzisankha. Wachuku umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amawononga chiwindi chomwecho.

Za jimu musadandaule. WHO imalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata, kutanthauza mphindi 30 kwa masiku 5. Yendani ndawala mpaka thukuta, palasani njinga nokha, bwererani ku mpira wamiyendo kapena wamanja. Loweruka lina tenganani ndi anzanu mukakwere phiri la Ntchisi. Masewerawa amachepetsa mafuta a m'chiwindi ngakhale sikelo isanasunthe.

Chenjerani ndi matiyi ndi zitsamba "zotsuka chiwindi" zomwe amatsatsa pa Facebook ndi WhatsApp. Zina zimachipsereza. Ndalamazo kuli bwino mukwerere minibasi kupita kuchipatala, akakuyezeni shuga, BP ndi matenda a hepatitis B, mufunsenso ngati m'pofunika kujambula m'mimba. Ngati maso ayamba chikasu kapena mimba ndi miyendo zikutupa, musadikire mawa.