MAKINA AKALE A PA DOKO LA BRISTOL

Ife a kuno ku Zambia tiri kutali ndi nyanja ya mcere, ndipo ambiri mwa ife sitinaonepo doko pamene zombo zimatsitsa katundu. Madzulo ano ndifuna kukuuzani za doko lina la ku England, ndi za anthu amene amagwirapo nchito yolimba popanda malipiro.

Mzinda wa Bristol uli pa mtsinje wa Avon. Madzi a mtsinjewo amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, kotero kuti kale zombo zinali kutsala zitagona pa matope. M'caka ca 1809 anatsiriza kumanga zitseko zotsekereza madzi, ndipo kuyambira pamenepo zombo zinali kuyandama usana ndi usiku. Alimi a fodya angakumbuke dzina la Imperial Tobacco, kampani imene inayamba kugula fodya ku Limbe mu 1908. Kwao kwa kampaniyo ndi ku Bristol komweku.

Koma zombo zinanka zikula, mtsinje osakula. Madoko atsopano anamangidwa ku Avonmouth, kufupi ndi nyanja, ndipo pofika 1975 malonda a pa doko lakale anatha. Tsono makina onyamula katundu, ochedwa makireni, anayamba kugulitsidwa kwa anthu ophwanya zitsulo. Mu 1974 anthu ena a mumzinda anakana kungopenya. Anasonkha ndalama naombola makireni awiri a magetsi, akulu a mzinda nasunga ena awiri. Anaiwo aimirira kufikira lero patsogolo pa nyumba yosungiramo zakale yochedwa M Shed.

Kireni imene ndiikonda ine ndi ina, yakale kopambana. Inapangidwa ndi a Stothert & Pitt a ku Bath, niyamba nchito mu 1878. Iyenda ndi nthunzi monga sitima za pamtunda zakale zija, ndipo inyamula matani 35. Mkono wace suli woongoka ai. Ndi wopindika ngati khosi la kakowa, wa zitsulo zokhomedwa ndi misomali yootcha. Mwini nzeruyi, William Fairbairn, anafuna kuti mkono uzilambalala m'mbali mwa combo ndi kufika pakati pace osagunda. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inagwira nchito yaikuru yonyamula mabwato a asilikari. Mu 1988 anayamba kuiukitsa.

Kodi kuukitsa makina otere nkutani? Musaganize kuti ndi kupukuta pfumbi cabe. Citsulo cokhala pafupi ndi madzi cimadyedwa ndi dzimbiri, ndipo munthu ayenera kupala, kupaka utoto, ndi kupalanso caka camawa. Kacitsulo kakathyoka, palibe sitolo yogulitsa cinthu ca 1878. Ayenera kuyesa cakaleco ndi kusula cina colingana naco. Coopsa koposa ndi mphika wa nthunzi. Ukakhala ndi ufa umaphulika ndi kupha anthu, cifukwa cace sasonkha moto mpaka woyesa wovomerezeka atauona. Taonani kacombo kokoka zombo kochedwa Mayflower, ka 1861: kanagulidwa mu 1981, koma kanayendanso ndi nthunzi mu 1987. Zaka zisanu ndi cimodzi za manja akuda bii, pa nthawi imene anzao ali kupumula!

Wina adzati ndi misala ya anthu okhuta. Ine sindibvomera. Ndikaona masitima akale a Zambezi Sawmills, amene anali kukoka matabwa kucokera ku Mulobezi, ataima m'dzuwa ku Livingstone, ndimadziwa kuti citsulo cingathe kudikira zaka zambiri. Cimene sicidikira ndi munthu wodziwa kuciyendetsa. Woyendetsa kireni amamva ndi khutu ngati cingwe calemedwa, amadziwa ndi dzanja pamene ayenera kugwira buleki, ndipo zimenezi m'mabuku mulibe. Amuna amene anagwira nchito pa dokolo lisanatsekedwe tsopano ndi nkhalamba, ambiri anatisiya kale. Ndico cifukwa cace a ku Bristol sanakhutire ndi kupaka utoto. Pa masiku oikika amayendetsa makinawo pamaso pa anthu, ndipo wodzipereka watsopano amaima pambali pa wakale nthawi yaitali asanaloledwe kugwira yekha zogwirira.