MITENGO ISUNGA MBIRI YA MVULA: NCHITO YA BAMBO DOUGLASS

Lero ndifuna kukuuzani za munthu wina wa ku America, dzina lace Andrew Ellicott Douglass, amene anabadwa m'caka ca 1867 namwalira mu 1962. Iyeyu sanali mlimi ai. Nchito yace inali kuphunzira za dzuwa ndi nyenyezi, koma cimene anapeza cikhudza ife tonse okhalira khasu.

Mu 1894 Douglass anathandiza Percival Lowell kumanga nyumba yoonera nyenyezi ku Flagstaff, m'dziko louma la Arizona. Awiriwa anasiyana mu 1901, cifukwa Lowell ankati ku Mars kuli ngalande zokumba, pamene Douglass sanakhulupirire zimenezo. Tsono maganizo ace anali pa dzuwa. Pa dzuwa pamaoneka mawanga akuda amene amaculuka ndi kucepa pa zaka ngati 11. Iye anadzifunsa kuti, kodi mawangawa sasintha kagwedwe ka mvula? Ngati nditero, bwenzi anthu akudziwiratu caka ca cilala.

Bvuto linali lakuti mabuku olembamo mvula ku Arizona anali a zaka zowerengeka. Pamenepo anatembenukira ku mitengo. Inu mukadula mtengo ndi kuyang'ana pa citsa, muona mizere yozungulira. Mitengo ya paini ya kumeneko imaonjeza mzere umodzi caka ciri conse. Mvula ikagwa bwino mzerewo umakula, koma caka ca cilala umakhala waung'ono. Ndiponso mitengo ya dera limodzi imalemba zofanana, popeza mvula yace ndi imodzi. Mu 1904 anaona citsa cakale, nafanizira mizere yace ndi ya mitengo ina, nanena kuti mtengowo unadulidwa mu 1894. Mwini malowo anabvomera kuti ndi momwemo.

Paja mutu umodzi susenza denga. Mu 1906 Douglass anapita kukaphunzitsa ku University of Arizona ku Tucson, ndipo mu 1914 Clark Wissler, wofufuza za anthu akale, anamfunsa ngati mizereyi ingauze zaka za mabwinja a Amwenye a ku America. Anayamba kumtumizira zidutswa za mitanda ya nyumba zakale. Bungwe la National Geographic Society linatuma anthu kukafuna mitanda yina mu 1923, 1928 ndi 1929. Njira yace inali iyi: mizere ya m'kati mwa mtengo wamoyo ifanana ndi mizere ya kunja ya mtanda wa nyumba yakale, ndipo mtandawo ulumikizana ndi wina wakale koposa, monga munthu alumikiza luzi.

Panatsala mpata umodzi wosalumikizika. Pa 22 June 1929, anyamata awiri omthandiza, Lyndon Hargrave ndi Emil Haury, anafukula mtanda wopserera ku Show Low. Mtanda umenewo unatseka mpatawo, ndipo mbiri ya mizere inafika mpaka caka ca 700. Mwa ici kunadziwika kuti kuyambira 1276 kufikira 1299 kunali cilala cacikulu, ca zaka 24. Pa nthawi yomweyo alimi a cimanga a ku Mesa Verde anasiya midzi yao osabwereranso, ndipo cilalaco cinali cimodzi ca zifukwa zace.

Douglass analemba zimene anapeza m'mabuku atatu, mu 1919, 1928 ndi 1936, ndipo mu 1937 anakhazikitsa nyumba yophunzirira mizere ya mitengo ku Tucson. Wophunzira wace Edmund Schulman anapeza mitengo yamoyo ku mapiri a California ya zaka zoposa 4,000. Nzeruyi inafika ndi kuno kwathu: akatswiri anapeza kuti mlombwa nawo uli ndi mzere wa caka ndi caka, ndipo mu 2006 anafalitsa mbiri ya mvula ya ku Zimbabwe ya zaka 200 yocokera m'mitengo ya mlombwa.

Nanga funso lace loyamba lija? Apa mumvetse bwino. Mawanga a pa dzuwa sanapereke njira yodalirika yolosera mvula. Mitengo itiuza za mvula ya kale, siitiuza za mvula ya caka ca mawa. Koma itiphunzitsa kuti zaka za cilala zikhoza kutsatana, ndipo zibweranso.

Cifukwa cace, alimi anzanga, musagulitse cimanga conse caka ca zokolola zambiri. Siyani cina m'nkhokwe, ndipo musaiwale cinangwa ndi mapira, mbeu zopirira dzuwa. Inu mafumu, pezani mwana wa sukulu azilemba m'buku tsiku limene mvula yayamba ndi tsiku limene yaleka caka ciri conse. Ndipo letsani anthu kuocha ndi kudula wamba milombwa yakale ya m'mudzi mwanu, pakuti m'kati mwace muli mbiri ya mvula imene makolo athu sanalembe. Tsalani bwino.