Chiweto chikamatsimphina, yambani mwaona chiboda

Kuno ku Meluluca akavalo sitiwaona, koma mmene eni ake amawachizira akavulala mwendo muli phunziro kwa ife oweta mbuzi ndi ng'ombe, komanso kwa abale athu a ku Angónia ndi ku Dedza amene amakoketsa ngolo ndi abulu.

Mtsempha ndi chiboda

Kumbuyo kwa mwendo wa kavalo kuli mitsempha yolimba ngati chingwe. Umodzi umatsika mpaka kukagwira fupa la m'kati mwa chiboda. Chiboda chikatalika kutsogolo, mtsemphawu umakokeka kwambiri nthawi iliyonse imene chiweto chikunyamula phazi. Ukang'ambika, mwendo umatupa ndi kutentha.

Mtsempha umachedwa kupola chifukwa mumadutsa magazi ochepa. Kavalo amatha miyezi 9 mpaka 12 asanayambenso ntchito yolemetsa.

Nsapato yachitsulo

Dokotala wa ziweto akapeza mtsempha umene wavulala, mmisiri wa ziboda amafupikitsa chiboda kutsogolo n'kukhomera nsapato yachitsulo. Ngati ndi mtsempha wofika ku fupa uja, nsapato imakhala yokwera pang'ono ku chidendene kuti mtsempha upume. Kenaka amaitsitsa pang'onopang'ono. Popeza chiboda chimakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, amachikonzanso pakatha masabata 4 mpaka 6.

Nanga ife titani?

Mbuzi, ng'ombe ndi abulu athu savala nsapato, koma mfundo ndi yomweyi: chiboda chokhota chimavutitsa mwendo wonse.

1. Nyamulani phazi, chotsani matope, timiyala kapena minga.
2. Chiboda cha mbuzi chikapindika, chisemeni pang'onopang'ono ndi mpeni wakuthwa ndi woyera. Mukaona kuti payamba kufiira, lekani, mwayandikira mnofu.
3. Nthawi ya dzinja konzani khola kuti likhale louma. Matope amafewetsa ziboda ndipo zimayamba kuola ndi kununkha.
4. Mwendo ukatupa kumbuyo, thirani madzi ozizira kwa mphindi 20, kawiri pa tsiku, ndipo chiwetocho chipume.
5. Musachikoketse ngolo kapena pulawo msanga. Kutupa kumatha mtsempha usanalimbe, ndipo ukang'ambikanso chiweto chikhoza kulumala.

Chenjezo: mukaona ziweto zingapo zikutsimphina nthawi imodzi, zikutuluka dovu ndipo zili ndi zilonda m'kamwa, musazisunthe, musazigulitse kapena kuziwolotsa malire. Dziwitsani msanga alangizi a ziweto ku ofesi ya SDAE ku Metangula.