Zipilala za ku Zomba: zimene timauzana ndi zimene zinachitika

Munthu wochokera ku Domasi akakwera minibasi yopita ku Blantyre, amadutsa m'tauni ya Zomba, ndipo asanaitsanzike amaona nsanja yaitali ya njerwa zofiira pafupi ndi Cobbe Barracks. Ambiri timaionera pawindo basi. Mukafunsa amene mwakhala nawo mpando umodzi kuti nsanjayo ndi ya chiyani, kawirikawiri yankho limakhala lakuti, "Zinali za azungu zimenezo."

Mawuwa ali ndi koyambira kwake. Anamanga nsanjayo ndi boma la atsamunda, nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, ndipo dzina la kampu yoyandikana nayo ndi la mzungu, Alexander Cobbe, mkulu wa asilikali amene analandira mendulo ya Victoria Cross chifukwa cha nkhondo ya ku Somaliland mu 1902. Koma tsikani minibasi muyandikire. Anthu amene nsanjayo ikuwakumbukira ndi asilikali a Keyala, gulu la King's African Rifles, ndipo unyinji wa iwo unali ana a dziko lino: Ayao, Anyanja, Angoni, Alomwe, Atonga. Mukamawerenga mayina awo mumamva ngati mukumvera kaundula wa kwa amfumu. Anyamata pafupifupi 19,000 a ku Nyasaland anavala yunifolomu pa nkhondo imene agogo athu ankaitcha ya Chiwaya. Anamenyana ndi Majeremani ku Karonga mu September 1914, kenako anayenda pansi m'nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique akuthamangitsa gulu la Majeremani la Paul von Lettow-Vorbeck mpaka November 1918. Pa nkhondo yachiwiri ana awo anakafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Dera la Zomba, pokhala pa likulu la asilikali, linapereka anyamata ambiri. Munthu wa kwa Malemia kapena kwa Kuntumanji akanena kuti nsanjayo si yake, mwina akukana agogo ake enieni asakudziwa.

Palinso ena amene amalakwitsa mbali inayo. Iwowa amakhulupirira kuti chimene chalembedwa pa mwala ndiye mbiri yonse, ndipo amene sanalembedwe sanachite kanthu. Apa ndiye pamene pamandiwawa kwambiri. Pa msilikali mmodzi aliyense wa Keyala panali amuna pafupifupi khumi amene anatengedwa kukhala amtengatenga: onse pamodzi anali pafupifupi 200,000. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Mafumu ankalamulidwa kupereka chiwerengero cha anthu, ndipo amesenjala a boma ankagwira amuna m'midzi ngakhale usiku. Ntchito yawo inali kusenza ufa, mpunga, zipolopolo ndi mahema pamutu, mtunda wa masabata ambiri, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe. Ankafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, ndipo ambiri anakwiriridwa m'mbali mwa njira popanda chizindikiro chilichonse. Iwowa sanali asilikali a Keyala, choncho nsanja ya Keyala si yawo. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamala manda a ankhondo a Britain, linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a mu Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu, ndipo linapepesa. Mwala umalemba zimene wolipira mmisiri wafuna. Nsanja ya ku Zomba ikunena zoona, koma sikunena zonse.

Mmodzi amene anaziona zimenezi nkhondo itangoyamba anali John Chilembwe. Mu November 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akutengedwa kukafa pa nkhondo imene si yawo, kusiya akazi amasiye ndi ana. Anaukira boma pa 23 January 1915, ndipo anaphedwa pa 3 February chaka chomwecho chakufupi ndi malire a Mozambique. Timaganiza kuti munthu wamkulu chotere ayenera kukhala ndi chiliza chodziwika, koma atsamunda anamuika mwachinsinsi, ndipo tchalitchi chake cha ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu anachigumula ndi mabomba. Ankadziwa bwino kuti manda amasonkhanitsa anthu. Kubisa mandako n'kumene kunapatsa mphamvu mphekesera imene inakhala zaka zambiri, yakuti Chilembwe sanafe koma anathawa ndipo adzabweranso.

Chiboliboli chake chotchuka kwambiri chinakaimikidwa ku England. Kuyambira mu September 2022 mpaka 2024, pabwalo la Trafalgar Square mu mzinda wa London panaima chiboliboli chotchedwa Antelope, chimene anakonza Samson Kambalu, Mmalawi amene anaphunzira ku Chancellor College konkuno ku Zomba ndipo amaphunzitsa ku yunivesite ya Oxford. Anachitengera pa chithunzi cha mu 1914 chimene Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale John Chorley, onse awiri atavala zipewa, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. Kambalu anakuza Chilembwe mpaka kutalika pafupifupi mamita asanu, n'kumusiya Chorley pa msinkhu wa munthu wamba. Anthu a ku London anakhala akudutsa pansi pa chipewa chimenecho zaka ziwiri. Ana ambiri a m'sukulu zathu sanamveko n'komwe za chibolibolichi.

Pali chikhulupiriro china chimene chimawononga zinthu ndi manja. Amati pansi pa zipilala zakale, pa manda a azungu ndi pa timizati ta simenti ta pamwamba pa mapiri pali chuma: ena amati golide, ena mekyule, ena ndalama za Majeremani. Nkhaniyi imayenda m'mabawo ndi m'malo omwera tiyi, ndipo nthawi zonse amene anapeza chumacho amakhala wa kutali, msuweni wa mnzake wa wina. Timizati ta pamapiri tija ndi zizindikiro za anthu oyeza malo. Pamwamba pake ankaikapo kachitsulo kokhazikapo makina oyezera, kuti kuchokera pa nsonga ina aone nsonga inzake n'kuwerengera mtunda pojambula mapu. M'kati mwake muli simenti, mchenga ndi miyala. Boma limene linkafinya anthu osauka chifukwa cha msonkho wa nyumba silikanakwirira golide paphiri n'kumusiya. Wokumba amabwerako ndi matuza m'manja, koma chizindikirocho chimakhala chitapita, ndipo kuwononga malo otetezedwa ndi mlandu pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act.

Za mafano sindichulutsapo. Chigwa cha Domasi chili ndi Asilamu ambiri ndi Akhristu ambiri, ndipo m'magulu onse awiri muli anthu amene saona bwino chifaniziro cha munthu chosemedwa. Nkhawa yawo ndi yoyenera kuimvera. Komabe zikumbutso zambiri za m'dziko muno zilibe nkhope ya munthu. Ku Mangochi kuli nsanja ya wotchi, mfuti ya sitima ya Guendolen ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Ku Nkhata Bay kuli chipilala cha anthu amene anawomberedwa pa 3 March 1959. Palibe amene amapita kumeneko kukapembedza. Ngakhale mkangano wa chiboliboli cha Mahatma Gandhi ku Ginnery Corner mu Blantyre mu 2018, umene unafika ku khoti ntchito n'kuimitsidwa, sunali wa chipembedzo. Funso linali lakuti ndani woyenera kuima pamsewu wathu, ndipo amene akusankha ndani.

Nanga zoti makolo athu analibe zikumbutso mpaka atabwera azungu? Zojambula za pamiyala ya ku Chongoni m'boma la Dedza, malo 127 amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake mu 2006, zinalipo kale mzungu asanaponde kuno. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje wakhala akumangidwa ndi kumangidwanso kwa zaka mazana. Koma sitifunika kupita kutali. Yendani m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Domasi nthawi ya chilimwe, minda itayera, muone pamene patsala mitengo ikuluikulu yothithikana: pamenepo ndi pamanda, ndipo nkhwangwa siifikapo wamba. Onani banja likamamanga chiliza. Ana a ku Joni amatumiza ndalama za simenti, amalume amaitanitsa abale, amayi amachezera kuphika, ndipo mmisiri amalemba dzina ndi zaka ndi msomali simenti isanaume, kwinaku wachikulire ataima pambali kuonetsetsa kuti dzinalo lisalakwike ngakhale chilembo chimodzi. Kwa Asilamu, sadaka imasonkhanitsa mudzi wonse pa dzina la malemu. Ndipo nkhondo ya Chiwaya imene ija, anthu anaisunga m'miyendo: gule wa beni, ndi mayunifolomu ake, mizere yake ndi maudindo ake achisilikali, ndi chikumbutso chimene anthu wamba anadzipangira okha popanda kupempha chilolezo kwa bwanamkubwa.

Chimene tikusowa kuno si mwambo wokumbukira ayi. Tikusowa zolembedwa pa malo pamene zinthu zinachitikira. Mishoni ya Domasi inayamba mu 1884 ndi Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland, m'dziko la mfumu Malemia. Mu 1895 ankhondo a mfumu Kawinga anatsika kuchokera ku phiri la Chikala kudzathira nkhondo dera lomweli. Ku ndende ya Mikuyu, m'chigwa cha nyanja ya Chilwa, n'kumene Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo n'kumenenso Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anagonekedwa mu May 1983 asanakaphedwe ku Thambani m'boma la Mwanza. Orton Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992. Kupatula za ku Thambani, zonsezi zinachitika pa mtunda woti munthu n'kuuzungulira pa njinga tsiku limodzi, koma mwana wobadwira kuno angathe kumaliza Fomu 4 akudziwa zambiri za Emperor's View, malo a pa phiri la Zomba pamene Haile Selassie anaimapo kuona dziko, kuposa za Mikuyu.

Ku Domasi n'kumene kuli Malawi Institute of Education, kumene amakonza silabasi ya sukulu za dziko lonse, komanso Domasi College of Education, kumene amasula aphunzitsi a sekondale. Inu aphunzitsi ndi ophunzira a kumeneko, nsanja ya Keyala ili pa ulendo wa minibasi imodzi. Tengani ana mupite nawo akawerenge mayinawo mokweza, ndipo akabwerako muwatume kwa agogo awo akafunse mayina a amene anapita ku mtengatenga osabwerera. Alembeni mayinawo m'kope, mudzi ndi mudzi, achikulire amene anawamva kwa makolo awo akadali moyo.