Mpikisano wa galimoto pa kompyuta: luso limachokera kuti?

Pa 19 May 2024, katswiri wa Formula 1 Max Verstappen anapambana mipikisano iwiri tsiku limodzi. Umodzi unachitikira pa bwalo la Imola m'dziko la Italy, pomwe anagonjetsa Lando Norris ndi mpata wosakwana sekondi imodzi. Winawo unali wa maola 24 pa bwalo la Nürburgring la ku Germany, koma uwu unachitikira pa intaneti, m'pulogalamu ya iRacing, momwe iye ankasinthana chiwongolero ndi anzake a timu ya Team Redline. Nthawi yomwe oyendetsa ena ankapuma, Verstappen ankakhala pa kompyuta n'kumayendetsa galimoto yomwe kulibe.

Masewerowa amatchedwa sim racing. Amasiyana ndi magemu a galimoto omwe ana amasewera pa foni chifukwa cholinga chake n'kutsanzira galimoto yeniyeni m'zonse: kulemera kwake, kutha kwa matayala, kuchepa kwa mafuta m'thanki, ngakhalenso kuterera kwa msewu mvula ikagwa. Eni ake a iRacing amayeza mabwalo enieni ndi makina a laser kotero kuti kabampu komwe kali pakona inayake ku Belgium kamapezekanso pamalo omwewo pa kompyuta. Pulogalamuyi inayamba mu 2008, ndipo m'modzi mwa omwe anayiyambitsa ndi John W. Henry, mkulu wa kampani yomwe ndi mwini wa timu ya mpira ya Liverpool.

Funso lomwe aliyense woyamba kumene amafunsa ndi limodzi: bwanji ena akuthamanga kuposa ine pomwe galimoto ndi yomweyo? Ambiri amaganiza kuti yankho lagona pa zipangizo zodula kapena pa kulimba mtima pakona. Koma oyendetsa omwe afika patali amagwirizana kuti liwiro ndi mphotho ya kudekha, kubwereza ndi kuyeza zomwe munthu akuchita.

Kuchoka pa kompyuta kukafika pa phula

Umboni woti lusoli ndi lenileni unayamba kuoneka mu 2008 pomwe makampani a Nissan ndi Sony anakhazikitsa mpikisano wa GT Academy, wofufuza oyendetsa galimoto pakati pa osewera gemu ya Gran Turismo. Woyamba kupambana anali Lucas Ordóñez wa ku Spain. Mu 2011 anapambana ndi mnyamata wa ku Cardiff m'dziko la Britain, Jann Mardenborough, yemwe anaposa anthu pafupifupi 90,000. Patangotha zaka ziwiri, Mardenborough anali atakhala kale pa nambala yachitatu m'gulu lake pa mpikisano wotchuka wa maola 24 wa Le Mans ku France. Mbiri yake ndiyo inasanduka filimu ya Gran Turismo ya mu 2023, yomwe anaitsogolera ndi Neill Blomkamp, mbadwa ya ku Johannesburg.

Ku America, William Byron anaphunzira kupikisana pa iRacing asanakwere galimoto ya mpikisano, ndipo anadzapambana Daytona 500 mu 2024 ndi 2025. Nawo matimu a Formula 1 amadalira kwambiri makina otsanzira galimoto kaamba koti kuyambira mu 2009 malamulo anachepetsa mwayi woyesera galimoto pa bwalo lenileni. Zambiri zomwe owonera amaziona Lamulungu zimakhala zitayesedwa kale pa kompyuta mkati mwa sabata.

Tayala silingagwire ntchito ziwiri mokwanira

Phunziro loyamba lagona pa matayala. Galimoto imakhudza msewu pa malo anayi okha, ndipo aliwonse ndi aakulu ngati chikhatho. Mphamvu yomwe tayala limagwirira phula ili ndi malire, ndipo mphamvu yomweyo ndiyo imagawidwa pakati pa kuima, kukhota ndi kuthamanga. Woyendetsa akaponda mabuleki mpaka pansi, tayala limakhala latha mphamvu yake yonse pa kuimitsa galimoto, choncho akapotoza chiwongolero nthawi yomweyo galimoto imangopitirira molunjika. N'chifukwa chake woyamba kumene amadabwa kuti chiwongolero wapotoza koma galimoto yakathera mumchenga.

Akatswiri amaponda mabuleki mwamphamvu galimoto ikadali mowongoka, kenaka n'kumamasula phazi pang'onopang'ono uku akuyamba kukhota. Njirayi imatchedwa trail braking. Ubwino wake ndi woti mabuleki amakankhira kulemera kwa galimoto kutsogolo, zomwe zimathandiza matayala akutsogolo kugwira bwino phula pa nthawi yomwe akufunika kukhota. Kumasula mabuleki modzidzimutsa kumabweza kulemerako kumbuyo, ndipo mphuno ya galimoto imakana kulowa pakona. Kusiyana kwa woyendetsa wabwino ndi wapakatikati kumaoneka kwambiri pa momwe amachotsera phazi pa buleki kusiyana ndi momwe amaliponderapo.

Phunziro lachiwiri ndi mzere womwe galimoto imadutsa. Pakona, woyendetsa amayambira m'mphepete mwakunja, n'kudula kukafika pa nsonga yamkati yomwe imatchedwa apex, kenaka n'kutulukiranso kunja. Potero amaongola kona kuti isakhale yakuthwa. Cholakwika chofala ndi kukhota msanga chifukwa cha mantha. Wokhota msanga amafika mkati mwa kona nthawi isanakwane, ndipo potuluka amapeza msewu wamuthera, n'kukakamizika kuchepetsa moto pomwe anzake akuwonjezera.

Masamu a pakona

Chifukwa chomwe kutuluka bwino pakona kumaposera kulowa mwaukali chimaoneka m'masamu osavuta. Galimoto yothamanga makilomita 200 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 55 pa sekondi imodzi. Woyendetsa yemwe wachedwetsa mabuleki ndi mamita asanu amapindula osapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, ndipo waika galimoto pa chiopsezo chophonya kona. Koma yemwe watuluka pakona ali ndi liwiro loposa la mnzake ndi makilomita asanu pa ola, n'kulisunga pa msewu wowongoka wa kilomita imodzi, amautsiriza m'masekondi 17.6 pomwe mnzakeyo akutenga masekondi 18. Phindu lake ndi lochuluka kanayi, ndipo chiopsezo chake n'chochepa. Pa mabwalo ngati Monza ku Italy, komwe misewu yowongoka ndi yaitali, mpikisano umapambanidwa potuluka m'makona.

Kuti zimenezi zitheke, maso ayenera kutsogola. Woyamba kumene amayang'ana pamphuno pa galimoto yake, pomwe katswiri akamaponda mabuleki maso ake amakhala ali kale pa apex, ndipo akafika pa apex amakhala akuyang'ana potulukira. Amasankhanso chizindikiro chosasuntha choyambira mabuleki, monga chikwangwani cha mamita 100, poyambira mwala wa m'mphepete kapena mlatho wodutsa pamwamba. Mthunzi si chizindikiro chodalirika chifukwa m'mapulogalamu ambiri dzuwa limayenda monga momwe limachitira kunja.

Galimoto imodzi, bwalo limodzi

Chiyeso chachikulu kwa ophunzira ndi kuchuluka kwa galimoto. Gemu imodzi imatha kukhala ndi galimoto mazanamazana, ndipo munthu amafuna kulawa Ferrari lero, Porsche mawa. Woyendetsa wotere saphunzira kanthu chifukwa galimoto iliyonse ili ndi khalidwe lake. Si mwangozi kuti iRacing imayambitsa anthu atsopano ndi galimoto yaing'ono ya Mazda MX-5. Galimoto yopanda mphamvu zambiri sibisa zolakwika: ukataya liwiro pakona, injini singakubwezere msanga, choncho umakakamizika kuphunzira kuyendetsa mosalala.

Njira yothandiza ndi kusankha galimoto imodzi ndi bwalo limodzi kwa sabata yonse, n'kuyamba ndi cholinga chozungulira maulendo 10 motsatizana osatuluka mumsewu. Zikatheka, cholinga chachiwiri chikhale choti nthawi ya maulendo onsewo isasiyane ndi theka la sekondi. Liwiro limabwera lokha pambuyo pake. Tiyerekeze mpikisano wa maulendo 20: woyendetsa wothamanga kuposa mnzake ndi masekondi 0.3 pa ulendo uliwonse amapindula masekondi asanu ndi imodzi pofika kumapeto, koma akangotembenuka kamodzi pakona n'kutaya masekondi 15, yemwe ankayenda modekha uja amamudutsa osamuonanso.

Chida chomwe chimafulumizitsa kuphunzira ndi telemetry, yomwe ndi kaundula wa zonse zomwe woyendetsa anachita: pomwe anaponda mabuleki, mphamvu yomwe anaponda nayo, giya yomwe anali ndi nthawi yomwe anabwerera pa moto. Munthu akayika mizere yake pambali pa ya woyendetsa wothamanga, amaona kona yeniyeni yomwe akutayirapo nthawi. Kawirikawiri pamapezeka kuti makona awiri kapena atatu okha ndiwo akudya sekondi yonse. Kusintha kakonzedwe ka galimoto, monga mpweya wa m'matayala kapena mapiko, kumakhala ndi phindu pokhapokha woyendetsa atayamba kubwereza nthawi zofanana. Apo ayi, sangadziwe ngati chasintha ndi galimoto kapena phazi lake.

Kupikisana ndi anthu

Kuthamanga wekha ndi kupikisana ndi anthu 20 ndi maluso awiri osiyana. Pa iRacing woyendetsa aliyense ali ndi miyezo iwiri: iRating yosonyeza momwe amachitira pa mipikisano, ndi Safety Rating yosonyeza ukhondo wa kayendetsedwe kake. Kutuluka mumsewu kumawerengedwa ngati cholakwa chimodzi, kutembenuka kapena kugunda khoma ngati ziwiri, ndipo kugundana mwamphamvu ndi galimoto ina ngati zinayi, posatengera kuti wolakwa ndani. Sungakwere kuchoka m'gulu la oyamba kumene kupita m'magulu D, C, B ndi A popanda mbiri yabwino. Gran Turismo nayo ili ndi muyezo wofanana nawo wa khalidwe.

Ngozi zambiri zimachitika pakona yoyamba, pomwe matayala sanatenthe ndipo galimoto zadzadzana. Woyendetsa wanzeru amaponda mabuleki msanga pamenepo, n'kulola ofulumira kuti agundane okha. Malamulo ena salembedwa paliponse koma aliyense amayembekezeka kuwadziwa: kusiyira mnzako mpata akafika pambali pako, kusasintha mzere uli mkati moponda mabuleki, kugwira mabuleki galimoto ikatembenuka kuti obwera m'mbuyo adziwe pokudutsira, ndi kudikira msewu uyere usanabwereremo.

Kuti masewerowa si achibwana zinaoneka mu 2020. Mliri wa Covid-19 utaimitsa mipikisano, Formula 1 inasamukira pa intaneti, ndipo oyendetsa monga Charles Leclerc ndi George Russell ankapikisana ndi osewera mpira Thibaut Courtois, Sergio Agüero ndi Pierre-Emerick Aubameyang. M'mwezi wa May chaka chomwecho, Daniel Abt wa mpikisano wa Formula E anapezeka kuti anaika katswiri wa sim racing kuti amuyendetsere m'dzina lake. Kampani ya Audi inamuimitsa, ndipo ntchito yake kumeneko inathera pomwepo.

Ndalama zipite kuti?

Zipangizo zimathandiza, koma motsatana. Chiwongolero chomwe chimabweza mphamvu m'manja, chomwe amati force feedback, chimauza woyendetsa kuti matayala ayamba kuterera maso asanaone. Komabe oyendetsa ambiri amalangiza kuti ndalama ikapezeka iyambe yapita ku zopondera, makamaka buleki yamtundu wa load cell yomwe imayeza mphamvu ya phazi m'malo mwa mtunda womwe chopondera chayenda. Mwendo umakumbukira mphamvu mosavuta, choncho buleki yotere imathandiza kubwereza chinthu chimodzimodzi pakona iliyonse. Choyambirira pa zonse ndi mpando ndi tebulo zosagwedera, pakuti chiwongolero chodula pa tebulo logwedera n'kutaya ndalama.

Kwa osewera a kuno kum'mwera kwa Africa, vuto lina ndi mtunda. Makina omwe amayendetsa mipikisano yambiri ali ku Ulaya ndi ku America, choncho uthenga umachedwa kupita ndi kubwera, ndipo galimoto imatha kuoneka kwa ena ngati ikudumphadumpha. Kulumikiza kompyuta ndi chingwe m'malo mwa Wi-Fi kumachepetsa vutoli, ndipo ntchito yaikulu yophunzira, monga kuloweza bwalo ndi kuyeza mabuleki, imatheka popanda intaneti m'magemu ngati Assetto Corsa.

Maso atsopano a wochemerera

Phindu lomwe anthu ambiri saliyembekezera limaoneka akakhala pa kanema Lamulungu. Munthu yemwe anavutikapo ndi matayala otentha pa kompyuta amamvetsa chifukwa chomwe woyendetsa amalekera dala kuthamangitsa mnzake kwa maulendo angapo. Amadziwa kuti kudutsana komwe kwachitika kumapeto kwa msewu wowongoka kunayambira pakona ya m'mbuyo. Mpikisano womwe ena amati ndi galimoto zongozungulira umasanduka nkhani ya njomba ndi kuwerengetsera. Kwa okonda masewerowa mu Africa, komwe Formula 1 inapikisanako komaliza mu 1993 pa bwalo la Kyalami pafupi ndi Johannesburg, kompyuta imaperekanso mwayi woyendetsa pa bwalo lomwelo kudzera m'gemu ya Assetto Corsa Competizione.

Malire alipo. Kompyuta siphunzitsa khosi kupirira mphamvu yokankha thupi pakona, kutentha kwa mkati mwa galimoto, kapena mantha a munthu wodziwa kuti khoma ndi lenileni. Mu 2015 galimoto ya Mardenborough inauluka pa Nürburgring n'kupha munthu m'modzi woonera, ngozi yomwe palibe batani loibweza. GT Academy nayo inatha mu 2016, ndipo ochoka pa kompyuta kukalembedwa ntchito yoyendetsa galimoto ndi owerengeka pakati pa mamiliyoni osewera. Kwa ena onsewo, mphotho yake ndi yomwe ili pa koloko: nthawi yomwe sabata yatha inali mphindi imodzi ndi masekondi 50, lero yatsika ndi sekondi imodzi, ndipo woyendetsa akutha kuloza kona yomwe sekondiyo yachokera.